Alendo pa Chulu cha a Kamphinda

Foni itabwera yoti kukufunika womasulira pa msonkhano wa alimi a fodya ochokera m'mayiko osiyanasiyana, Dyna Msiska adayankha mwaulesi kuti aona kaye ngati ali ndi mpata. Ntchito zoterezi zidali zitamufika m'khosi: kuima tsiku lonse padzuwa, kamaikolofoni kali pamlomo, kutembenuza mabodza a m'Chichewa kuti akhale mabodza a m'Chingerezi. Koma a Ennie, amene ankakonza msonkhanowo, atatchula kuti tsiku lomaliza alendo akayendera esiteti ya a Wilkins Kamphinda cha ku Chamama, Dyna adati mpata ulipo. Adakana ngakhale zoti mnzake wina adzamulandireko masana.

Pa esiteti imeneyo ndi pamene Dyna adakulira, asanakwatiwe nkutenga dzina la Msiska. Bambo ake, a Lameki Namakhwa, adachoka ku Phalombe pa lole yonyamula matenanti, mkazi ndi mwana ali pambali, atamva kuti ku Kasungu fodya wa bale amalemeretsa munthu. Zoona adalemeretsadi munthu, koma munthuyo adali a Kamphinda. A Lameki chimene adapata ndi chifuwa, ndipo chidawatenga m'nyengo yosankha fodya, Dyna akadali kupulaimale.

Munthu wobwera akamwalira pa esiteti, njira zake zimadziwika. Mwini esiteti amapereka galimoto kuti thupi lipite kwawo, apo ayi amapita yekha kwa mafumu kukapempha malo kumanda a m'mudzi. A Kamphinda adakana zonse. Adati lole yapakira kale mabelo opita ku okushoni, komanso iwo sangakagwade pamaso pa mfumu chifukwa cha Mlomwe. Adaletsanso kuti ntchito iime m'zigafa za fodya. Motero a Lameki adaikidwa masana pa nthawi yopuma, atakulungidwa mumphasa, pafupi ndi chulu cha kumapeto kwa munda. Okumbawo adabwerera kukasankha fodya dothi la manda likadali m'zikhadabo. Posakhalitsa amayi ake a Dyna adauzidwa kuti atuluke m'nyumba, pakuti munda sulimidwa ndi misozi.

Dyna atakula ndi kuyamba ntchito, adatenga amayi ake kubwerera ku Chamama kuti akamange chiliza. Sadapitirire pageti. A Kamphinda adatsitsa galasi la galimoto pang'ono chabe, nkunena kuti pa esiteti yawo sipadafepo munthu chiyambire, ndipo ngati amayiwo akufuna manda akafunefune kwawo ku Phalombe. Mtumbira udali utasalazidwa kale ndi thirakitala. Amayiwo adamwalira chaka chatha nkhaniyi ikadali pakamwa. Dyna sankafuna khoti, sankafunanso chipepeso. Ankafuna chinthu chimodzi: kuti a Kamphinda anene okha, ndi lilime lawo, pamaso pa anthu amene iwo amawaopa, kuti m'munda mwawo mwagona munthu. Paja mlandu suola.

Ndipo ankadziwa pogwira. A Kamphinda adali ndi luso lomwe mwana aliyense wa tenanti ankalidziwa: kutukwana akumwetulira. Kukabwera azungu ogula fodya, ankagwira tenanti paphewa ngati mbale wawo, mano onse pamtunda, kwinaku akumuuza m'Chichewa kuti akayerekeza kutsegula pakamwa agona pamsewu. Omasulira a masiku amenewo, aphunzitsi kapena alangizi obwerekedwa tsiku limodzi, ankangoti bwana akuthokoza wantchito wawo. Akandimverere enieni, onena za m'maluwa. Azungu ankagwedeza mitu, kujambula chithunzi, nkumapita.

Dyna adafika ndi a Ennie kutatsala tsiku kuti alendo abwere. Esiteti idali itasambitsidwa ngati mkwatibwi. Zimbudzi zidapakidwa laimu, tenti idaima kutsogolo kwa ofesi, ndipo matenanti ankayenda motsimphina m'majombo atsopano amene aliyense ankadziwa kuti adzabwezedwa alendo akangokwera basi. A Kamphinda adatuluka ndi mimba yawo ndi chipewa chawo chachikulu, imvi zitadzaza m'masaya. Adamupatsa Dyna dzanja, adamuyang'ana kumaso, osazindikira kanthu. Anthu otere amadziwa nkhope ya ng'ombe iliyonse m'khola mwawo, koma ya mwana wa tenanti ayi.

"Ndinu omasulira athu, madamu? Mawa mudzandikometsere bwino. Ine ndidzalankhula Chichewa, anthu anga amve nawo."

"Ine ndimanena zimene zanenedwa, bwana," adayankha Dyna. "Sindionjezera, sindichotsera."

A Ennie adathirirapo kuti limenelo ndi lamulo la msonkhano wonse: chilichonse cholankhulidwa pamaso pa alendo chimamasuliridwa. A Kamphinda adaseka mpaka kutsokomola. Adati omasulira onse amatero. A Ennie atawaonetsa mahedifoni kuti nawonso adzavale, iwo adakankhira kumbali, nkuti zimenezo nza agonthi.

Dongosolo lidali loti mlendo wolemekezeka adzadzale mtengo wa chikumbutso, pakuti masiku ano wogula fodya safunsa za fodya yekha, amafunsanso za mitengo. A Kamphinda adaloza kuseri kwa ofesi. A Ennie adakwinya nkhope, nkuti chithunzi chake chidzangoonetsa khoma. Apa ndi pamene Dyna adalankhula.

"Pobwera ndinaona chulu kumapeto kwa munda uko. Kumbuyo kwake ndi fodya yekhayekha mpaka kumene maso alekeza. Mwina pamenepo."

Adadikira kuti aone nkhope ya a Kamphinda ikusintha. Siidasinthe. Adangoti pamenepo mpabwino zedi, nthaka yake ndi yachonde, mtengo udzakula msanga. Adali ataiwala. Dyna adabwera atakonzekera kukumana ndi munthu wobisa mlandu, ndipo adapeza munthu amene mlanduwo sudamusowetsepo tulo.

Madzulo, akudutsa ku nazale ya mitengo, adapeza nkhalamba ikuthirira mbande. Idali a Yobu, tenanti wa ku Mulanje amene adabwera pa lole imodzi ndi bambo ake, ndipo sadabwererenso kwawo. Adaika keni pansi, nkumuyang'anitsitsa.

"Chipumi chimenecho ndi cha Lameki," adatero. "Ndiwe Dyna, eti?"

"Ndine, bambo. Koma chonde musauze munthu."

A Yobu adamugwira manja onse awiri. Adafunsa za amayi ake, ndipo atamva adavula chipewa. Adamuuza kuti manda aja adakumba nawo ndi iwo, ndipo mpaka lero akamapalira cha kuchulu amasiya mzere umodzi kuti wina apalire, chifukwa khasu lawo limakana. Dyna adamvetsera, koma za mtengo sadatchule. M'malo mwake adapita kwa a Ennie nkuwauza kuti zingakome ngati tenanti wamkulu pa onse atakhala wopereka khasu kwa mlendo. A Ennie adakondwa ndi ganizolo. Dyna ankadziwa bwino chimene akuichita nkhalambayo, ndipo manyazi adawamva ndithu, koma mkwiyo udali waukulu kuposa manyaziwo.

Alendo adafika m'mawa pa basi yoziziritsa mkati. Mudali a ku Brazil, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe ndi azungu angapo a ku Jeremani atapsa kale makosi. Amayi a pa esiteti adawalandira ndi nyimbo, zitenje zofanana zitamangidwa m'chiuno. Mzungu wina, ataona mayi akumugwadira ndi beseni la madzi osamba m'manja, adagwada naye, ndipo awiriwo adakhala chogwada kuyang'anana mpaka a Ennie adakawadzutsa. Aliyense adapatsidwa mahedifoni. Dyna ankaima chapatali pang'ono, kulankhula motsitsa m'kamaikolofoni. Zimene iye wanena m'Chingerezi, womasulira mnzake wa ku Tete ankazilandira nkuzipititsa m'Chipwitikizi. Motero nthabwala iliyonse inkasekedwa kawiri, kuyamba a Chingerezi, kutsiriza a Chipwitikizi.

Ntchito yomasulira ili ndi lamulo lina lowawa. Womasulira sanena kuti uyu akuti. Amalankhula ngati mwini mawu. A Kamphinda ataimirira mutenti nkunena kuti matenanti awo amawakonda ngati ana obala okha, Dyna adayenera kunena kuti ine ndimawakonda ngati ana anga. Atati pa esiteti pano wodwala amathamangira naye kuchipatala usiku ndi usana, Dyna adati ine ndimathamanga nawo. Adamasulira bwino lomwe, mopanda kugwa mphwayi, moti alendo adaomba m'manja kawiri konse. A Kamphinda adakhala pansi atatupa ngati finye, nkumutsinzinira diso Dyna kuti ntchito ikuyenda. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dzuwa litafika pamutu, gulu lonse lidatsika ndi njira ya pakati pa munda. Fodya adali wofika m'chifuwa, masamba otambalala, akununkha utomoni. Matenanti ankatsatira pambuyo. Patsogolo pankayenda mayi Diana a ku Brazil, mtsogoleri wa alendowo, mayi wamfupi wa imvi amene nayenso adakulira m'munda wa fodya kwawoko. A Yobu adali nawo pambali, khasu latsopano paphewa, akunyadira ulemu umene apatsidwa. Adayamba kuchedwetsa mapazi ataona kuti njira ikulowera kuchulu. Atafika nkupeza mbande ya mbawa ndi keni ya madzi zili pamalo pomwe padazulidwa fodya pang'ono, adaima chiimire.

Mayi Diana adatambasula dzanja kuti alandire khasu. A Yobu adalikumbatira pachifuwa.

"Bwana, pano ayi," adatero.

Dyna adamasulira motsitsa. A Kamphinda adayandikira, kumwetulira kuja kutayala kale, nkuika dzanja paphewa la nkhalambayo.

"Pereka khasu, nkhalamba iwe. Usandichititse manyazi."

"Bwana, pano mpamanda. Mukudziwa inu. Ndinakumba nawo ndine. Mlendo asakumbe pano, chonde."

A Kamphinda adayang'ana alendo, nkuwagwedezera mutu mokoma ngati akuti dikirani pang'ono, nza mwambo wathu izi. Kenako adasisita phewa la a Yobu, nkulankhula mofatsa, mawu awo osalala ngati a m'busa.

"Ndiye bwanji? Mlomwe ameneyo ndinamukwirira pano ndine, m'munda mwanga, ndipo anaola kalekale, fodya wanga anamudya. Zaka zonsezi thirakitala yakhala ikudutsa pamutu pake, lero ndiye wadziwa manda? Pereka khasu. Ukapanda kutero, dzuwa lisanalowe uphwasule kanyumba kako, ndipo ukadzafa usanachoke ndidzakukwirira pambali pakepo ngati galu."

Dyna adali atayembekeza mawu amenewa kuyambira ali mwana, ndipo sadataye ngakhale limodzi. Adati ine ndinamukwirira pano. Adati anaola, fodya wanga anamudya. Ankanena za bambo ake omubala, ndi pakamwa pake, ngati kuti wochita zimenezo ndi iye. Koma mawu ake sadanjenjemere. Adawatulutsa mofatsa momwe mwini wake adawatulutsira, mpaka pa galu pomwe.

Nkhope zidayamba kugwa mwa a Chingerezi. Wa ku Zimbabwe adagwira pakamwa. Mzungu wojambula adatsitsa kamera. Womasulira wa ku Tete adachita kaye jenkha, nkumuyang'ana Dyna ngati akufunsa kuti kodi ndinenedi, ndipo Dyna adamugwedezera mutu. Posachedwa nkhope za a Chipwitikizi zidagwanso. Mayi Diana adabweza dzanja lawo, nkubwerera m'mbuyo.

A Kamphinda okha ndi amene adatsala akumwetulira. Ataona kuti kwati zii, adatembenukira kwa Dyna.

"Madamu, auzeni kuti mkuluyu akudalitsa nthaka monga mwa mwambo wathu."

Dyna adamasulira zimenezonso, kuyambira pa madamu, auzeni kuti. Tsopano adakweza mawu pang'ono, dala, kuti amveke ngakhale kwa wopanda mahedifoni. Chingerezi cha a Kamphinda chidali cha ku okushoni, chodziwa mitengo ndi magiredi, koma chidakwanira kuti amve chimene chikuchitika. Kumwetulira kudachoka pang'onopang'ono, ndipo dzanja lidatsika paphewa la a Yobu. Kunena zoona, Dyna adakondwa. Adakondwa mpaka m'mafupa, ndipo sadayese nkomwe kudzikaniza.

Mayi Diana adalankhula m'Chipwitikizi. Wa ku Tete adapereka m'Chingerezi, ndipo Dyna adatembenuza m'Chichewa mokweza, kuti ndi matenanti a kumbuyo omwe amve.

"Munthu amene munamukwirira pano, dzina lake ndani?"

A Kamphinda adapukuta thukuta. Adayang'ana kuchulu, adayang'ana kumwamba, milomo ikuyendayenda. Ankayesetsadi kukumbuka, ndipo zimenezo aliyense adaziona.

"Matenanti amabwera nkumapita," adatero potsiriza. "Ndingasunge bwanji maina onse?"

Dyna adamasulira. Awa ndi mawu okhawo amene adamutsamwa, moti adachita kuwabwereza. Atamaliza adavula kamaikolofoni, nkukapereka m'manja mwa a Ennie. A Ennie adamunong'oneza kuti aganize bwino, womasulira salowerera nkhani, akachita zimenezi palibe adzamuitanenso pa msonkhano uliwonse. Dyna adati akudziwa.

"Dzina lawo ndi a Lameki Namakhwa," adatero, atayang'ana a Kamphinda m'maso. "A ku Phalombe. Ine ndine mwana wawo. Amayi amene munawabweza pageti muli m'galimoto, nkuwauza kuti pano sipanafepo munthu, anali amayi anga. Anapita chaka chatha. Ndinkafuna akanakhala pano amve zimene mwanenazi, koma palibe kanthu, amva ena. Amva a ku Brazil, amva a ku Jeremani, amva ndi anthu anu omwe. Bwezani mawuwo m'kamwa ngati mungathe."

Alendo ankakanikiza mahedifoni m'makutu, koma munalibe mawu. Wa ku Tete, amene Chichewa ankachimva bwino lomwe, adangopinda manja. Komabe palibe mlendo amene adafunsa kuti chanenedwa nchiyani. A Kamphinda adayesa Chingerezi chawo, kuloza uku ndi uku, kutchula za nthabwala ndi za mwambo, mawu akuthyokera pakati. Mayi Diana adavula mahedifoni, nkuwayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira belo lomwe lapezeka ndi miyala mkati.

A Yobu ndiwo adasuntha. Adabwera kwa Dyna, khasu likadali pachifuwa, maso ali ofiira.

"Ndiwe unawalozera pano, eti?"

"Ndine, bambo."

"Ndi za khasuzi, ndiwenso?"

"Ndinenso."

Nkhalambayo sidamutukwane, sidamuyamikenso.

"Ndiye sunthako, mwanawe," adatero. "Pamene aika mbandepo si pomwepo ayi. Chiyambire kulankhula Chingerezi chakocho, waima pachifuwa pa bambo ako."

Dyna adayang'ana pansi. Nsapato zake zazitali zidali zitamira m'dothi la mumzere, pakati pa mapesi awiri a fodya. Tsiku la maliro adamutsekera m'nyumba monga achitira ana, ndipo chimene ankadziwa nchakuti mpafupi ndi chulu basi. Adabwerera m'mbuyo msangamsanga, nkuvula nsapatozo, ndipo misozi imene idakana kutuluka tsiku lonse idatuluka. Adafunsa a Yobu kuti kumutu nkuti, kumiyendo nkuti. Iwo adaloza ndi mpini.

Adagwira phesi loyamba ndi manja onse awiri, nkulizula. Lidali fodya wabwino, wa masamba akuluakulu, wotsala pang'ono kuthyoledwa. Adaliponya kumapazi a a Kamphinda. Adazula lachiwiri, nkuliponya pomwepo. Adapitirira ndi mzere wonse, utomoni ukumata m'manja, dothi likuthothokera pa siketi yake ya ku ofesi, ndipo atafika kumapeto a manda sadaime, adalowa mumzere wotsatira kuti anthu adzapeze poima. A Yobu adalavulira m'manja, nkuyamba kuunda mtumbira ndi khasu la mlendo lija.

A Kamphinda adasuntha phazi limodzi kuti akaletse. Adaona kuti mzungu uja wakwezanso kamera, ndipo adalibweza.